Uvuni Pamwamba pa Zitsa

1. Ndime ya kumunsi

Kumapeto kwa Area 23, kumene nyumba za lendi zimalekezera ndipo njira imatsetserekera kukhwawa, kuli kankhalango kamene anthu odutsa pa minibasi sakadziwa n'komwe. Si mitengo yomera yokha ayi. Ndi keshya wobzala ndi manja, ndipo mtengo uliwonse uli ndi mwini wake.

Zaka khumi zapitazo malowa adali chigwembe chotayamo zinyalala. Mabanja khumi adagwirizana, adapempha malowo kwa akuluakulu a m'deralo, natenganso chilolezo kwa alangizi a zankhalango. Banja lililonse lidalandira mzere wake wotsika kuchokera kumtunda mpaka kukhwawa, ndipo mzerewo adaugawa ndime zisanu.

Chaka chilichonse banja linkadula ndime imodzi yokha. Nthambi zinkakhala nkhuni za pakhomo, matsinde ankawotcha makala. Pomadzafika kundime yomaliza, zitsa za ndime yoyamba zinkakhala zitaphukira, mitengo itakulanso.

Lamulo lalikulu la gululo lidali limodzi: wopha zitsa alandidwa mzere wonse.

Thumbiko Chavula, mnyamata wa Fomu 3, ankalidziwa lamuloli ngati dzina lake. Bambo ake, a Ezekiel, ndiwo ankayang'anira nkhalangoyo ndi kusunga sowo ya gulu. Mayi ake, a Mabel, ndiwo adabzala ndime ya kumunsi kwenikweni, mitengo khumi ndi iwiri, n'kumaithirira ndi ndowa yachitsulo chilimwe chonse, Thumbiko akuwagwira chitenje. A Mabel adamwalira zaka zitatu zapitazo. Ndowa ija idatsala kuseri kwa chitseko, yopindika pakamwa, ndipo palibe ankaigwiritsa ntchito.

Chaka chimenechi idali nthawi yodula ndime ya kumunsiyo. Mabanja ena adamaliza zawo mu Julaye. A Ezekiel ankangozengereza, nkhwangwa n'kunola lero, mawa n'kuibwezera pamalo pake. Tsiku limene adalimba mtima, foni idalira: akulu awo adali atamwalira ku Rumphi, ndipo iwo ankafunika kumudzi kwa masabata atatu.

2. Mawu a pansi pa mtengo

M'mawa, asadapite kukakwera basi, a Ezekiel adatsika ndi mwana wawo kundime ija.

"Iwe Thumbiko, gwira apa," adatero. "Waona pamene tsinde lakhota pansipa? Ndi pamene tinadula ulendo woyamba. Chitsa chake ndi chomwechi chimene anabzala amayi ako, koma taona, chatipatsanso matsinde awiri.

"Podula uyeze ndi bondo lako, osapitirira, osatsika. Udule mopendeketsa kuti madzi a mvula azitsetsereka, asamakhale pachitsa n'kuchiwoletsa. Khungwa usalisende. Nthambi umange mitolo upite nazo kunyumba. Matsinde onse ukweze kumtunda, pathanthwe paja pamene gulu limawotchera makala. Ndikudziwa kuti n'kokwera, ndipo phewa lisupuka. Nyamula limodzi lero, awiri mawa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Uvuni tidzamanga limodzi ndikabwera."

Thumbiko adagwedeza mutu, maso ali kumsewu.

"Tandiyang'ana kuno. Chimene ndikukuletsa ndi moto. Moto usafike pano, ngakhale wowotchera mbatata. Moyo wa mtengo suli m'mwambamu ayi, uli pansi. Pali ena amati wokonda mitengo sadula mtengo. Bodza limenelo. Tikaleka kudula tiphikira chiyani, magetsi ake obwera ngati mlendo omwewa? Ife timadula, koma timasiya moyo m'nthaka.

"Kwathu ndinaona ndi maso angawa phiri lonse likumetedwa mpala ndi anthu owotchera makala pazitsa. Anadya chaka chimodzi, n'kumadzitama. Lero akazi awo akuphikira zitsononkho ndi mapulasitiki, ana akutsokomola usana wonse. Amayi ako sanakusiyire nyumba, sanakusiyire buku la kubanki. Anakusiyira moto woti uziphikira mpaka udzamere imvi. Wamva?"

"Ndamva, Adada."

Adamvadi. Vuto la Thumbiko silidali makutu.

3. Phewa

Kudula kudayenda bwino. Kwa masiku atatu Thumbiko adayeza ndi bondo, adadula mopendeketsa, ndipo zitsa khumi ndi ziwiri zidaima bwinobwino, khungwa lili lonse. Nthambi adatuta yekha mpaka pakhomo.

Zinthu zidaipa pokweza matsinde. Keshya wamuwisi sasekerera munthu. Pofika tsiku lachiwiri lonyamula, phewa lidali litasupuka, malaya akumatirira pachilonda, koma pathanthwe padali matsinde asanu okha. Kubwalo la mpira kunkamveka mluzu ndi phokoso la anzake. Sukulu inkatsegulira sabata yotsatira.

Adakhala pansi kupuma. Ndi pamene Shepherd adatulukira, akukankha njinga.

Shepherd adali mnyamata wamkulu, wa benchi ya makala pamsika wa Kaliyeka. Adabwera mumzinda kuchokera kummwera zaka zinayi zapitazo, ndipo pakamwa pake padali potsekemera kuposa shuga.

"Aise, ukudzizunziranji? Wasanduka bulu wa madala ako?"

"Adada anati ndikweze onse pathanthwe."

Shepherd adaseka mpaka kutsamira njinga. "Mitengo imalemera, makala amapepuka. Wanzeru amanyamula makala. Uvuni timamanga pomwe mtengo wagwera, mfana. Zitsazi zigwira matsinde kuti asagubuduke. Komanso makala a chitsa ndi mizu ndiye shasha, amayaka mpaka nyemba kupsa."

"Zitsa zifa."

"Keshya amafa? Keshya ndi mfiti, aise. Ine ndayamba kuwotcha makala ndili Sitandade 5, ungandiuze chiyani?"

Padali funso limodzi lofunika kufunsa apa, ndipo mwana wa Fomu 3 akadatha kulipeza: nanga ngati mitengo ya kwanu sinkafa, unathawako chiyani? Koma Thumbiko sadafunse. Iye adangoti, "Anthu aona utsi."

"Taona uko." Shepherd adaloza m'mbali mwa khwawa, mmene mauvuni a njerwa ankafuka mondondozana, monga zimakhalira mu Ogasiti. "Ndani angasiyanitse utsi wa njerwa ndi wa makala? Ndime yanu ili kudzenje, saifika munthu. Madala ako adzapeza ntchito yatha, matumba ali pakhonde. Adzakugwira chanza ngati mwamuna mnzawo."

Mawu omalizawa ndiwo adamugwetsa. Chimwalirireni a Mabel, a Ezekiel adali asadanenepo kuti "wachita bwino" kwa mwana wawo.

Thumbiko adayang'ana chitunda, adakhudza phewa lake.

"Kabwereke khasu," adatero.

4. Utsi wa masiku asanu

Adatsitsanso matsinde asanu aja, poti kutsitsa sikuvuta. Adasanja onse pamwamba pa zitsa, adafunditsa udzu, nakwirira ndi zibuma. Lachitatu m'mawa uvuni udali utakonzeka.

Shepherd adatulutsa machesi, koma sadayatse. Adampatsa Thumbiko. "Mwini wake ndiwe," adatero. Anthu ochenjera amatero, amakonza zonse n'kusiyira mnzawo kamtengo ka machesi.

Thumbiko adakhwatcha. Moto udagwira ulendo woyamba womwewo.

Utsi udafuka masiku asanu, ndipo palibe adabwera kudzafunsa. Pofukula, makala adatuluka ambiri, akuda bii, olira ngati chitsulo. Shepherd adatenga piki n'kuyamba kuswa mitu ya zitsa ndi kutokosa mizu ya pamwamba, imene nayonso idali itapsa.

"Usakumbe pamenepo," Thumbiko adatero.

"Ndikungopungula, ziphukira bwino. Iwe tenga a matsinde, owongokawo. Anga ndi okhotakhotawa. Ndiwasunga mpaka mvula, makala akayamba kusowa."

Shepherd adamanga matumba ake panjinga. Asadachoke adathandiza kukwirira malowo ndi dothi ndi masamba ouma, ndipo adaimba kamluzu pokwera chitunda.

Thumbiko adatsala yekha. Adafukula chitsa chimodzi ndi zala. Masiku apitawo chinkamufika m'bondo, tsopano chidali kachitsa kakuda kosapitirira kakolo. Atachikanda ndi chikhadabo chidanyenyeka. Adachikwiriranso msanga, ngati kuti kukwirira n'kuchiritsa.

5. Ndowa

A Ezekiel adafika Lachisanu masana, ataonda, fumbi lili m'nsidze. Adaona matumba pakhonde. Sadamugwire chanza Thumbiko.

"Uvuni unamangira kuti?"

"Pathanthwe, Adada."

"Pathanthwe."

"Eya."

M'mawa mwake a Ezekiel adatsikira kunkhalango okha. Adakhalitsako, ndipo pobwera zala zawo zidali zakuda. Adazisamba pang'onopang'ono pampopi, Thumbiko akuwaonera pawindo. Kenaka adalowa m'nyumba, adasuntha chitseko, natenga ndowa ya a Mabel.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse asadakwere minibasi ya kuntchito, a Ezekiel ankatunga madzi kukhwawa n'kuthirira zitsa zakuda zija, chimodzichimodzi, zonse khumi ndi ziwiri. Iwo amene ankaphunzitsa anzawo za mitengo ankadziwa bwino lomwe kuti makala saphukira. Koma ankathirirabe.

Sepitembala adatha, Okutobala adawotcha natha. Matumba a pakhonde aja sadawamasule. Chikwapu chikadakhala bwino, kapena kukalipa koti aneba amve. Koma bamboyo ankangodya naye, kupemphera naye, n'kumufunsa za mayeso. Thumbiko ankamva kulira kwa ndowa m'mawa uliwonse, nadzifunditsa bulangete kumutu. Sadatsikeko ngakhale tsiku limodzi.

6. Tsiku lopatulira

Mvula yoyamba idagwa kumapeto kwa Novembala, yamphamvu. Idakokolola masamba ndi dothi zimene Shepherd adafunditsa, ndipo gombe la pansi pa ndime ya a Chavula lidagumukira m'khwawa.

Loweruka lotsatira lidali tsiku lopatulira. Gulu lonse limayenda mzere ndi mzere, kuona zitsa zodulidwa chaka chimenecho, kuchotsa mphukira zofooka n'kusiya ziwiri zamphamvu pachitsa chilichonse. Ankatsogolera ndi Mayi Zipora, wapampando wa gulu, amene amakazinga mandasi pasiteji ndi nkhuni za mzere wawo.

M'mizere ina mphukira zinkafika m'chifuwa. Anthu ankaseka, ankanyozana zikwanje zobuntha. Atafika kundime ya kumunsi, kuseka kudatha.

Mayi Zipora adawerama, adatola kachidutswa ka makala, nakafinya m'manja.

"Ine ndinalipo tsiku limene Mabel ankabzala pano," adatero. "Tinkamuseka kuti watenga malo oipa, a miyala, oyandikira madzi. Iye anati mizu ya pano ndi imene idzagwire dothi la mizere yonse. Taonani gombelo lero. Chaka chamawa madzi adzafika pandime yanga, chaka chinacho pandime yanu.

"Alangizi anatilola kuwotcha makala chifukwa tinalonjeza kuti chimene tadula chiziphukanso. Kupanda lonjezo limenelo, ife ndi akuba a m'nkhalango tikusiyana pati? Ana inu, mukamaona akulu akunyamula matsinde kukwera chitunda, musamayese kuti ndi opusa. Njira yachidule aliyense amaiona. Timaisiya dala."

Adatembenukira kwa a Ezekiel, mawu atatsika.

"A Chavula, tonse tikudziwa kuti munali kumaliro. Ngati wachita izi ndi mwana, anene yekha ndi pakamwa pake. Mwana timamulanga ndi ntchito: abzale, athirire, atchinge gombeli chaka chonse, mzere utsale kwanu. Koma ngati ndi inu, mkulu wodziwa lamulo, mzere wonse ukupita kubanja lina. Anayatsa ndani?"

A Ezekiel sadamuyang'ane mwana wawo. Adaweramitsa mutu, nadikira. Adadikira nthawi yaitali, mpaka anthu adayamba kusuntha mapazi.

Thumbiko adali chiimire kumbuyo kwa azimayi, chikwanje chili m'manja. Maso onse ankamuzemba, ndipo zimenezi zinkapweteka kuposa kumuyang'anitsitsa. Mawu adali awiri okha oti anene. Lilime lidakana, ndipo iye adalilola kukana.

"Mzerewu ndi wanga," a Ezekiel adatero potsiriza. "Chimene chachitika pamzere wanga, ndine."

Adavula sowo ya gulu paphewa, naipereka kwa Mayi Zipora ndi manja awiri. "Yewo, Amayi. Mupatse munthu woyenera."

Mayi Zipora adailandira, nkhope ili gwaa. "Lolemba m'mawa ndikapereka dzina la banja lina kwa alangizi," adatero. "Koma geti langa likhala lotsegula mpaka mawa dzuwa litalowa. Amene ali ndi mawu akudziwa kumene ndimakhala."

7. Makala okhotakhota

Lamulungu adapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. A Ezekiel adaimba nyimbo zonse, Thumbiko adangogwira buku. Pobwerera adadzera kumsika wa Kaliyeka, ndipo bamboyo adachepetsa liwiro pang'ono podutsa mabenchi a makala.

Chakumadzulo a Ezekiel adatenga ndowa ija, adaitsuka, adaipukuta, naibwezera kuseri kwa chitseko. Kenaka adaitana mwana wawo pakhonde.

"Pita ku Kaliyeka ukandigulire makala a m'kajumbo."

"Makala alipo m'matumbamu, Adada. Nkhuni nazonso zilipo."

"Ndikudziwa. Sindikufuna ophikira." Adamuikira ndalama m'manja, namupinda zala. "Upite kwa mnzako uja, wanjinga. Watulutsa matumba ake tsopano, ndawaona. Usankhe okhotakhota, a mizu. Ndikufuna ndisungeko kena kake ka m'manja mwa amayi ako."

Thumbiko adatsegula pakamwa.

"Usandiuze ine," a Ezekiel adatero. "Ine ndinadziwa tsiku limene ndinapeza thanthwe lopanda phulusa latsopano. Ndakudikira miyezi iwiri ndi theka. Dzulo ndinakudikira pamaso pa anthu, mpaka ndinamva manyazi kudikira. Ndikanatha kukutchula dzina, mzere ukanatsala. Koma mzere wotsala chifukwa bambo waulula mwana wake ndikanamusiyira ndani? Zitsa zinandipweteka, mwana wanga, sindinama. Koma zitsa timabzala zina. Pita, dzuwa likupita."

Ku Kaliyeka Shepherd adamulandira ndi mano onse. "Kasitomala! Wamva kuti ndatulutsa shasha? Awa sachedwa kutha, aise."

Thumbiko adagwada pamulu, nayamba kusankha. Ena adali opotoka ngati zala za munthu wogwira khasu. Adadzaza kajumbo, adapereka ndalama, ndipo Shepherd adawonjezera kachidutswa kamodzi ka basela.

Kajumboko kadali kopepuka. Shepherd adanenadi zoona pa chinthu chimodzi: makala amapepuka. Zaka zonse za ndowa ya mayi ake ankazinyamula ndi zala ziwiri.

Adayenda mpaka pamphambano ya pafupi ndi chigayo. Njira yotsika imapita kwawo. Njira yokwera imadutsa pageti la Mayi Zipora, lachitatu kuchokera pakona. Thumbiko adaima pamenepo, akabaza akumuimbira belu kuti apatuke, kajumbo kakumudetsa thalauzi la kutchalitchi.

Dzuwa lidali litakhudza kale madenga a Area 23 pamene Mayi Zipora adatuluka kudzatseka geti. Adakoka chitseko chimodzi. Pokoka chachiwiri adamuona, ndipo dzanja lawo lidaima pachitsulo.

"Mwana wa a Chavula," adaitana. "Ukudutsa, kapena ukubwera kuno?"